Rauta Yomwe Inathetsa Banja la Alamu Anga

1

Ndikamaliza kuulula zimene ndinachita, ena mwa inu muponya magaziniyi pansi n'kuyamba kunditukwana. Palibe kanthu, tukwanani. Mkazi wanga anayamba kale, ndipo iye amatha kutukwana osakweza mawu.

Ine ntchito yanga ndi ya makompyuta. Kubanja la mkazi wanga amanditchula kuti Injiniya, koma mutamva mmene amalikokera dzinalo mungadziwe kuti si ulemu ayi. Apongozi anga aamuna ali ndi nyumba yosanja m'mbali mwa msewu waukulu. Pansi pali sitolo yawo ya zitsulo ndi penti. Chipinda chachiwiri ndi shopu yosokera ya alamu anga, mkulu wake wa mkazi wanga. Chachitatu chinali cha amuna awo, amene ankasindikiza makadi ndi zikwangwani. Zala zawo sizinkayera chifukwa cha inki, ndiye aliyense ankangowatchula a Inki. Pamwamba, kumapeto kwa khonde, m'chipinda nambala 6, munali saluni ya mayi wina wamasiye.

A Inki ndi ine tinali akamwini awiri, koma kunena zoona m'maso mwa apongozi mkamwini anali mmodzi. Geti likavuta, "Itanani a Inki." Galimoto ikafuna kuyesedwa, "Ayendetse a Inki." Ine ndinkakumbukiridwa rimoti ya TV ikatha mabatire.

Ndiye tsiku lina apongozi anandikodola.

"Injiniya, tikufuna intaneti m'nyumba yonse ino, bizinesi iliyonse yakeyake. Tione ngati sukulu ija inali yeniyeni."

Ndinagula marauta anayi ofanana, timabokosi toyera togawa intaneti tija. Waya mmodzi ankalowa kusitolo, n'kugawikana kupita m'zipinda. Ntchito ya masiku awiri ndinaimaliza Loweruka limodzi dzuwa lisanapendeke, mpira usanayambe. Patatha sabata ndinawaikira alamu, amene amayang'anira nyumbayo, tsamba pakompyuta yawo losonyeza chipangizo chimene chalumikizidwa m'chipinda chilichonse. Banja lonse linaunjikana kudzaona.

"Chipangizo chilichonse chimabadwa ndi nambala yakeyake kufakitale," ndinatero, chifuwa chili patsogolo. "Ili ngati chidindo cha chala. Palibe ziwiri zofanana padziko lonse lapansi. Ine ndangoika mayina pamanambalawo kuti musavutike."

Patsambapo panalembedwa BAMBO, chipinda 1. TELALA, chipinda 2. INKI, chipinda 3.

"Nanga saluni ili pati?" anafunsa mkazi wanga.

"Azimitsa. Akayatsa ionekera."

Apongozi anagwedeza mutu. Aka kanali koyamba kundigwedezera mutu chikwatirire mwana wawo.

2

Patatha masabata atatu alamu anandiimbira foni. Mawu awo anali ouma ngati khungwa.

Nditafika anatuma atsikana awo osoka kukagula ulusi umene unali wodzaza kale m'kabati, n'kutseka chitseko. Anatulutsa kope lolembamo miyezo ya makasitomala, n'kutsegula tsamba la kumapeto.

"Alamu, werengani apa."

Munalibe miyezo ya m'chiuno ayi. Munali masiku ndi nthawi. Lolemba, 12:05, INKI wachoka chipinda 3. 12:10, INKI chipinda 6. Hafu pasiti wani, wabwerera chipinda 3. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi. Masiku khumi ndi asanu, olembedwa ndi dzanja la munthu wozolowera kusalakwitsa ngakhale inchi imodzi.

"INKI ameneyu kwenikweni ndi chiyani?" anandifunsa.

"Ndi chipangizo cha a Inki."

"Chimene amayenda nacho m'chikwama chija?"

A Inki sankasiyana ndi chikwama chawo chakuda cha laputopu. Ndinayang'ana kope lija, ndinayang'ana makina osokera, ndinayang'ana pansi pomwe panali tizidutswa ta nsalu.

"Ndikufunsani, alamu. Makinawa angathe kunama?"

Maso awo anali ofiira, koma misozi sinagwe. Ankandipempha ndi maso kuti ndinene kuti inde, angathe.

"Makina sanama, alamu," ndinatero.

Anatseka kope lija pang'onopang'ono, n'kuliika pansi pa mulu wa nsalu.

3

Kuyambira tsiku limenelo nyumba ija inasanduka ya apolisi okhaokha. Alamu anasuntha makina awo kuwaika pawindo. Ikakwana 12 koloko a Inki ankazimitsa magetsi mushopu mwawo, kutseka, chikwama paphewa, n'kukhotera kanjira ka kuseri. Kuseriko kuli masitepe achiwiri okwerera pamwamba.

"Mwaona? Amalowera kumbuyo ngati wakuba nkhuku," alamu anauza mkazi wanga.

Munthu ukayamba kukayikira, chilichonse chimasanduka umboni. Chikwangwani cha saluni chija anasindikiza ndani? A Inki. Bwanji chili ndi mitundu yowala kuposa cha mkazi wawo? Mayi wa saluni wagula ndolo zatsopano, wamugulira ndani? A Inki ayamba kuchepa thupi, akufuna kusangalatsa ndani? Ngakhale mlonda wa masana anayamba kukumbukira zinthu zimene sanazionepo.

Nkhaniyo inaphulika Lamlungu masana kunyumba kwa apongozi, mbale zisanachotsedwe patebulo. Alamu anaponya kope lija pakati pa matambula.

"Auzeni bambo kumene mumapita masana."

A Inki anaseka kaye, poganiza kuti ndi nthabwala. Ataona nkhope zathu kuseka kunathera pakhosi.

"Ndimakayenda," anatero. "Adokotala anandipeza ndi BP miyezi iwiri yapitayo. Anati ndiziyenda ola limodzi tsiku lililonse. Ndimatsata njanji mpaka pamlatho n'kubwerera."

"Ndi ndani?"

"Ndekha."

"Hee, BP! Yangobadwa lero BP imeneyi? Mkazi wanune osaidziwa?"

"Sindinafune kukudandaulitsa, mayi. Mayi ako anapita ndi matenda omwewa, ndinadziwa kuti sugona tulo."

Anatsegula chikwama n'kutulutsa nsapato zoyendera, zafumbi. Alamu anaziyang'ana ngati zanyansi.

"Zothawira zimenezo, mukamva kuti kukubwera munthu."

Apongozi anayang'ana a Inki. Ankamukonda munthu ameneyu ngati mwana wobereka okha. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Injiniya, ntchito ndi yanu. Tiuzeni. Pangakhale kulakwika?"

A Inki anandiyang'ana, osati mwaukali, koma ngati munthu woti wagwa m'madzi ndipo waona mnzake pamtunda.

"Achimwene, onaninso bwino," anatero. "Inu mumazidziwa zimenezi. Ine sindinapondemo m'chipinda chija chikhomereni chikwangwani."

"Ndaona kawiri," ndinayankha. "Nambala ndi yanu."

Mkazi wanga anandiyang'ana cham'mbali.

4

A Inki anachoka Lolemba m'mawa ndi chikwama chimodzi, kupita kwa mng'ono wawo kutauni ina, ulendo wa maola asanu pabasi. Shopu yawo anaitseka ndi loko wamkulu.

Mayi wa saluni anaona zakuda. Alamu anamuimirira pansi pa masitepe n'kumulalatira msika wonse ukumva. Makasitomala ake ambiri anali amayi apabanja, ndipo anayamba kutha mmodzimmodzi. Ndani angapereke mutu wake kwa wolanda amuna a eni? Apongozi anamuuza kuti mwezi ukatha asamuke. Anakhala masiku awiri osatsegula.

Ine zinthu zinandiyendera. Loko wa sitolo atavuta ndinamva mawu amene ndinawadikira zaka zisanu ndi ziwiri.

"Itanani Injiniya."

Ndisakunamizeni, zinandikomera. Koma chakudya chinayamba kundikanika, ndipo mkazi wanga anazindikira.

"Mwadwala?"

"Ayi, ndikungomvera chisoni alamu."

"Ooh," anatero, akupukuta mbale youma kale.

Lachitatu m'mawa ndinaona mayi wa saluni akutsegula. Ndinakwera msanga ndi laputopu yanga.

"Mayi, ndabwera kudzaona rauta yanu. Mphindi zisanu zokha."

Anaima pakhomo, chipeso kumanja, maso otupa.

"Ndinakuuzani kawiri kuti intaneti yanga ikuvuta, munati mubwera mawa. Lero ndiye mwaikumbuka? Mwamuna aliyense wa banja lanu asapondenso pano. Mawa adzati ndalanda inunso."

"Koma mayi..."

Chitseko chinatsekedwa pamaso panga. Ndinatsika masitepe osaigwira n'komwe rauta ija.

5

Isanakwane 10 koloko ndinamva alamu akukuwa.

"Wabwera! Ali pamwamba! Chiyambire m'mawa ali momwemo, alibe ndi manyazi omwe!"

Patsamba paja panalembedwa INKI, chipinda 6. Alamu anatsogola, lumo la nsalu likadali m'manja. Pambuyo pawo apongozi ndi ndodo yawo, mkazi wanga amene anabwera kudzatonthoza mkulu wake, atsikana osoka, mlonda. Ine ndinali kumapeto.

Anakankha chitseko. Mkatimo munali mayi wa saluni ndi gogo mmodzi atakhala pansi pa makina oumitsira tsitsi, akuonera vidiyo ya kwaya pafoni. Alamu anasuzumira kuseri kwa katani, kuchimbudzi, ngakhale m'kabati ya mankhwala a tsitsi momwe mphaka sangakwanemo.

"Mwamubisa kuti?"

"Sakani," anatero mayi uja. "Mukamaliza musese."

Mkazi wanga anatulutsa foni n'kuimbira a Inki pavidiyo. Anayankha atakhala pabenchi ya chipatala, lamba woyezera BP ali pamkono, mng'ono wawo ali pambali. Ulendo wa maola asanu kuchokera pamene tinaima. Mkazi wanga anangoti, "Pepani alamu, ndikuimbiraninso," n'kudula.

Kenako anatenga kompyuta ya mkulu wake, imene mtsikana wina wosoka anakwera nayo, naiyang'anitsitsa.

"Ine pali chimene chakhala chikundivuta," anatero modekha. "Tsamba ili lili ndi BAMBO, lili ndi TELALA, lili ndi INKI. Mwezi wonse dzina la SALUNI silinaonekepo olo kamodzi. Koma agogowa akuonera kwaya pa intaneti ya muno."

Anayenda mpaka pakhoma pomwe ndinakhomera rauta, n'kuzimitsa switchi. Patangopita kanthawi INKI anasowa patsamba. Anayatsanso. Tinadikira timagetsi tobiriwira tija tikuphethira. INKI anabwerera, chipinda 6.

"Ha!" anatero mlonda.

Mayi wa saluni anagwira pakamwa.

"Ndiye chifukwa chake! Kabokosi aka m'mawa kankangodukaduka, mpaka ndinasiya kukayatsa. Ndinazindikira kuti kamagwira bwino masana okha. Ndikamva chitseko cha osindikiza chikutsekedwa pansipo, ndinkayatsa. Ndikamva abwera, ndinkazimitsa chifukwa kankayambanso misala yake. Lero poti shopu yawo ndi yotseka, ndayatsa m'mawa."

Lumo lija linagwa m'manja mwa alamu. Onse anatembenuka kundiyang'ana.

6

Zimene ndinachita Loweruka lija ndi izi. Rauta ya a Inki ndinaikonza yoyamba, mosamala, maola awiri athunthu. Popeza iwo anali ndi intaneti yakale, ndinalemba pamanja nambala ya rauta yawo yakale mu yatsopanoyo kuti zinthu zawo zisasokonekere. Nditayang'ana wotchi ndinaona kuti mpira uyamba ndisanamalize. Ndiye ndinakopera zonse za mu rauta ya a Inki n'kuzithira mu zitatu zinazo, n'kungosintha mapasiwedi. Nambala ija inapita nawo. Marauta anayi, chidindo cha chala chimodzi. Ziwiri zikayaka nthawi imodzi zinkalimbirana, ngati anthu awiri oyankha dzina limodzi poitana mayina.

Ndinafotokoza zimenezi mu saluni muja. Apongozi anapuma mozama.

"Ndiye kuti munalakwitsa osadziwa."

Khomo lothawira linali limenelo, apongozi atanditsegulira okha. Ndinatsala pang'ono kulowamo. Koma mkazi wanga anandidula.

"Achemwali, mukukumbuka sabata yoyamba ija intaneti yanu ndi ya bambo zikudukaduka? Bambo a kwathuwa anadzuka mbandakucha, anati akukakonza. Atabwera anandiuza kuti kanali kavuto ka nambala, atha nako." Anandiyang'ana m'maso. "Munadziwa liti?"

Awerengi, apa ndi pamene ndakhala ndikukubisirani. Ndinadziwa tsiku lachitatu nditaika marauta aja. Ya apongozi ndi ya alamu ndinazikonza mwakachetechete ndi manja angawa, mphindi zisanu iliyonse, kuti asadziwe kuti Injiniya wabalalitsa ntchito. Saluni inali yotseka tsiku limenelo, ndinati ndibwera mawa. Mawa lake silinafike. Pamene alamu ananditsegulira kope lija, ndisanamalize kuwerenga mzere wachiwiri ndinali nditadziwa kale kuti INKI wa m'chipinda 6 ndi ndani.

Poyamba ndinakhala chete chifukwa cha manyazi. Ndinali nditadzitama pamaso pa banja lonse kuti palibe nambala ziwiri zofanana. Koma Lamlungu lija, a Inki akundipempha kuti ndionenso bwino, sanali manyazi ayi. Ndinaona apongozi akuchotsa maso awo pa mkamwini wokondedwa n'kuwaika pa ine, ndipo mumtima mwanga munakoma. Ngakhale m'mawa uja pokagogoda ku saluni sindinapite kukapulumutsa munthu. Ndinkafuna kukasintha nambala mwakabisira kuti INKI asaonekenso pamwamba. Onse akanati chibwenzi chatha poti agwidwa, ndipo choonadi chikanakwiririka mpaka kalekale.

Ndinanena zonsezi. Alamu sanandilalatire. Anakhala pansi, pa simenti ya saluni, pakati pa tsitsi lometedwa, n'kuyamba kulira ngati mwana. Amene anawapatsa madzi anali mayi wa saluni.

7

A Inki anabwera Loweruka ndi lole yaing'ono. Alamu anawagwadira pakhomo pa shopu anthu akuona.

"Dzuka, mayi, usadetse diresi," anatero mofatsa. "Sindikukwiyira. Koma zaka khumi ndi chimodzi ndagona pambali pako, ndipo kabokosi ka mwezi umodzi kanandiposa mawu. Ndipatse nthawi."

Anyamata a lole anayamba kunyamula makina. Ine ndinaima patali ngati mlendo. Atatsala pang'ono kumaliza, a Inki anazula rauta yawo pakhoma n'kubwera nayo kwa ine.

"Achimwene."

"A Inki, ine ndilibe mawu. Ndikhululukireni."

"Mukudziwa chimene chimandipweteka? Tsiku lija bambo ankafuna kuitana kampani kuti idzaike intaneti. Ndinawakaniza ndine. Ndinati tili ndi injiniya m'banja, mupatseni mpata aonetse zimene amadziwa." Anandiika rauta ija m'manja. "Mwaonetsa. Fufutanimo dzina langa."

Papita miyezi isanu ndi itatu. A Inki anatsegula shopu kutauni ya mng'ono wawo. Alamu amapitako kamodzi pamwezi, ndipo amabwera tsiku lomwelo. Mayi wa saluni anapepesedwa ndi apongozi, koma anasamukabe, anati makasitomala amakumbukira bodza kuposa kupepesa. Mkazi wanga akadali nane. Ndikamuuza kuti kunja kukugwa mvula amayamba wasuzumira pawindo. Geti likavuta apongozi amaitana wowotcherera wa kumsika.

Inu amene mukuwerenga, makamaka amene mumadziwa ntchito imene abale anu saidziwa, ndimvereni. Akakufunsani kuti "kodi pangakhale kulakwika?" dziwani kuti akuikani moyo wa munthu m'manja, chifukwa iwo alibe njira yotsutsira yankho lanu. Kulakwitsa kwanga kunali kwa mphindi zisanu kukonza, ndipo ndikanakuvomera akanandiseka sabata imodzi basi. Nanunso amene mumasuzumira m'mafoni ndi m'makompyuta kufuna umboni, musanaweruze mnzanu funsani kaye kuti anaika makinawo ndani, ndipo mumtima mwake muli chiyani.

Rauta ija ili m'dirowa yanga. Kufufuta dzina kunanditengera mphindi imodzi. Chipinda nambala 3 chikadali chotseka, ndipo ikamakwana hafu pasiti wani alamu amaimitsabe makina awo n'kuyang'ana pawindo.